Phunziro kwa Ojambula Zithunzi: Kusankha Galasi Loyenera Nkhope ya Munthu

Pa tsiku la ukwati, pa ubatizo, ndiponso pamene ana alandira Ukaristia woyamba, sipalephera kuima mnyamata wa kamera pakhomo pa tchalitchi. Kwa Chiwalo kuno, monganso m'madera ena a Phalombe, alipo achinyamata amene apeza ya sopo ndi ntchito imeneyi, ndipo ena aisirira. Koma tisaiyese ntchito yamasewera. Chithunzi cha agogo chimene chajambulidwa lero ndicho chidzatsogolere bokosi pa tsiku la maliro, ndipo zidzukulu zosabadwa zidzawadziwa ndi chomwecho. Iwo amene katundu wawo anakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adziwa kuti mbale ndi mabulangete zigulidwanso, koma chithunzi cha malemu chikapita ndi madzi palibe sitolo yochigulitsa. Tsono ngati chithunzi chotere chituluka ndi mphuno yotupa ndi makutu obisala, wojambulayo walakwira banja lonse.

Kodi chipotoza nkhope nchiyani? Ambiri ayankha kuti ndi kamera yotsika mtengo. Iyayi. Chipotoza nkhope ndi kuyandikira. Mphuno ili patsogolo, makutu ali kumbuyo. Mukaima pafupi kwambiri, mphuno iyandikira kamera koposa makutu, motero ikula. Mu 2018 dokotala wina wa ku America, Boris Paskhover, pamodzi ndi anzake anawerengera kuti chithunzi chojambulidwa pa masentimita 30 chikuza mphuno ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse, pamene pa mita imodzi ndi theka mphunoyo ioneka monga ili. Nchifukwa chake ntchito yoyamba ya galasi lakutsogolo kwa kamera, limene ojambula alitchula kuti lenzi, ndiyo kukulolani kuima patali koma nkhope nkudzazabe chithunzi.

Pa lenzi iliyonse palembedwa manambala a mitundu iwiri, ndipo wogula ayenera kuwawerenga monga awerengera sikelo pogulitsa nandolo. Nambala yoyamba ili m'mamilimita: 18mm, 50mm, 85mm. Ikachepa, lenzi iona malo aakulu, bwalo lonse la tchalitchi pamodzi ndi phiri la Michesi kumbuyo, koma anthu achepa. Ikakula, lenzi iona malo ochepa, nikokera munthu pafupi. Nambala yachiwiri iyamba ndi chilembo cha f, ndipo inena za kukula kwa chiboo cholowera kuwala. Apa pali chosokoneza: nambala ikachepa ndiye kuti chiboo chakula. Lenzi ya f/1.8 ilowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ya f/5.6. M'tchalitchi cha kumudzi cha mazenera aang'ono, kusiyana kumeneku ndiko kulekanitsa chithunzi chooneka ndi chithunzi chamdima.

Nkhani ya kuwalayi ndi yakale. Pamene luso lojambula linalengezedwa ku Paris mu 1839, munthu ankayenera kukhala duu padzuwa kwa mphindi zambiri, kotero kuti kujambula nkhope kunali kovuta zedi. Mu 1840 Joseph Petzval, mphunzitsi wa masamu ku Vienna, anakonza lenzi ya f/3.6 imene inafupikitsa nthawiyo kufika posakwana mphindi imodzi, ndipo nyumba zojambulira zinayamba kuchuluka. John Kirk, amene anafika pa nyanja ya Chilwa pamodzi ndi David Livingstone mu Epulo 1859, anali wojambulanso, koma zithunzi zake zambiri za paulendowo nza mitengo, nyumba ndi zombo, zinthu zodziwa kuima osagwedezeka.

Tiyambe ndi mbale amene alibe kamera, ali ndi foni yokha. Lenzi yaikulu ya pafoni ndi ya mtundu woona malo aakulu, ndipo iyesa munthu kuti ayandikire. Musalole. Bwererani mapazi awiri kapena atatu, foni ikhale molingana ndi maso a wojambulidwa, ndipo ngati ili ndi pamene palembedwa 2x dinani pomwepo. Simunalipe kanthu, koma mphuno yabwerera pamalo pake.

Wina ali ndi kamera ya Canon kapena Nikon imene mbale wake anamtumizira kuchokera ku Johannesburg. Makamera otere kawirikawiri abwera ndi lenzi ya 18–55mm. Ambiri ainyoza lenzi imeneyi, koma ine ndiona kuti ainyoza chifukwa aigwiritsa ntchito molakwa. Aisiya pa 18mm, nayandikira mkwatibwi mpaka kumpumira kumaso. Ipotokoleni ifike pa 55mm, imani patali, ndipo wojambulidwayo mumchotse pakhoma, aime kutali ndi zimene zili kumbuyo kwake. Pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, lenzi imeneyi igwira ntchito yosachititsa manyazi. Kufooka kwake nkwakuti pa 55mm chiboo chake sichitseguka kupitirira f/5.6, ndiye m'nyumba ifuna thandizo la nyali.

Tsono tifike pa lenzi imene ndiilangiza kwa aliyense amene wasunga kandalama: ya 50mm f/1.8. Ya Canon yotchedwa STM inatuluka mu 2015 pa mtengo wa madola pafupifupi 125, ndipo ya Nikon ya chilembo cha G inatuluka mu 2011 pa madola oposa pang'ono 200. Ya Yongnuo, yopangidwa ku China, itsikirapo mtengo. Ndatchula madola chifukwa katunduyu achokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, tonse tidziwa kuti mtengo wa lero suli wa mawa. Makamera ambiri otsika mtengo ali ndi kachipangizo kakang'ono kolandirira chithunzi, kotero kuti 50mm pa iwo iona monga ionera 75mm kapena 80mm pa makamera aakulu, ndipo umenewu ndiwo muyeso umene akatswiri aukonda pa nkhope. Mukaima pa mamita awiri, kamera mutaiimiritsa, mutenga munthu kuyambira kumutu kufika m'chiuno. Pa mamita anayi mumtenga yense ndi nsapato zomwe. Lenziyi ndi yopepuka, ilowa m'thumba la malaya, ndipo siilemetsa munthu wopalasa njinga kuchoka pa ukwati wina kunka pa wina.

Komabe pali msampha. Wogula lenzi yatsopano akondwa ndi kumbuyo kofufutika kuja, nasiya chiboo pa f/1.8 tsiku lonse. Pamenepo malo ooneka bwino ndi opyapyala ngati tsamba: diso limodzi lioneka, linalo lachita chimbuuzi. Kwa munthu mmodzi f/2.8 ikwana, ndipo mulunjike pa diso loyandikira. Kwa mkwati ndi mkwatibwi pitani pa f/4. Koma pamene ankhoswe, makolo ndi a kwaya aima mizere itatu, tsekani kufika pa f/8, pakuti apongozi a mumzere wakumbuyo nawonso adzafuna kudziona, ndipo iwo ndiwo alipira. Chenjeraninso ndi zovala zoyera. Kamera ikaona velo ndi diresi loyera padzuwa ichepetsa kuwala, nkhope yathu yakudayi nkusanduka mthunzi. Palibe lenzi yochiza zimenezi. Mankhwala ake ndi kuimika anthu pamthunzi ndi kuyesa kuwala pa nkhope, osati pa nsalu.

Za malenzi a anthu olemera sindichulutsa mawu. Ya 85mm f/1.8 ndi yokoma, koma pa kamera yaing'ono ifuna mamita asanu ndi awiri kuti itenge munthu wathunthu, ndipo m'nyumba zathu mulibe malo otere. Ya 85mm f/1.2 ya Canon ilemera kilogalamu yathunthu, ya 70–200mm f/2.8 kilogalamu ndi theka, ndipo mtengo wake uposa wa kamera yeniyeniyo. Ngongole ya ku banki mkhonde yotengera zoterezi siibwezedwa ndi zithunzi za kumudzi. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, anatsegula malo ake ojambulira mu 1948. Ankajambula pabwalo pa nyumba ndi kuwala kwa tsiku, nsalu itapachikidwa kumbuyo, kawirikawiri kamodzi kokha pa munthu aliyense pofuna kusunga ndalama. Zithunzi zake zaonetsedwa m'nyumba zazikulu za ku Paris ndi ku New York.

Ambiri a ife tidzagula lenzi yogwirapo kale ntchito, ku Limbe kapena ku Blantyre, ndiye mverani izi. Pitani ndi kamera yanu, pakuti lenzi ya Nikon siilowa pa Canon, ndipo ngakhale pa mtundu umodzi pali kusiyana: lenzi yakale ya Nikon ya 50mm f/1.8D siilunjika yokha pa makamera a D3000 ndi D5000 ndi abale awo, muyenera kuipotokola ndi dzanja. Tsegulani mbali zonse ziwiri, walitsani tochi ya foni mkati, muyang'ane. Timafumbi tochepa tisakuopseni. Koma mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, chimene chimera m'galasi losungidwa ponyowa; chifalikira, ndipo kuchichotsa kudya ndalama. Jambulani wogulitsayo pomwepo pa f/1.8 ndi pa f/8, mukuze chithunzicho, muone ngati nsidze zake ziwerengeka.

Mukafika nayo kunyumba, musaipukute ndi malaya, pakuti fumbi la m'chilimwe likanda galasi ngati mchenga. Yambani mwaliuzira, kenaka mupukute ndi kansalu kofewa. M'nyengo ya dzinja musaisiye m'chikwama chonyowa. Ikhale m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija tipezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo timapaketito muzitiumitsa kawirikawiri pa moto wochepa mpaka mvula itatha.