Posankha Chigawo cha Ulendo wa M'mapiri, Yambani ndi Madzi

Lero tikambe za ulendo wapansi wa m'mapiri, uja wogona m'njira chikwama chili kumsana. Nkhaniyi ndi ya aphunzitsi ofuna kuyenda ndi ana asukulu okulirapo, ya achinyamata a kumpingo, komanso ya anyamata ndi atsikana amene akulakalaka ntchito yoperekeza alendo. Njira za m'mapiri n'zazitali, ndipo ndi ochepa amene ali ndi masiku komanso miyendo yoti n'kumaliza yonse. Ambiri amangodulapo chigawo cha masiku awiri kapena atatu. Nanga chigawocho mungachisankhe bwanji? Ine ndikuti musayambe n'kufunsa kuti nsonga yaitali ili pati. Yambani mwafunsa komwe kuli madzi osaphwa, ndi komwe mungatulukire wina akavulala. Mukatero, malo okongolawo mudzawapeza ali pomwepo.

Umboni wake tili nawo pakhomo. Mukawoloka mtsinje wa Luangwa pa pontuni ya kuno kwathu kwa Chifunda, m'boma la Chama, mwalowa m'nkhalango ya zinyama ya North Luangwa, yokula masikweya kilomita 4,636, ndipo kumadzulo kwake kwaima phiri lalitali ngati khoma, la Muchinga. Pansi pa chigwa pali pa mamita pafupifupi 600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe kumtunda, cha ku geti ya Mano, n'kopitirira mamita 1,000. Tsono taganizani zigawo zitatu za dera limeneli. Cha m'chigwa n'chathyathyathya, chodzaza mitengo ya tsanya yomwe m'chilimwe imayoyola masamba, moti mumayenda tsiku lathunthu dzuwa likuswa mtengo, kashembe akukulumani, maso akuona zomwezomwezo. Cha kumtunda chili ndi mphepo yabwino, koma mitengo ya mombo ndi masuku imatseka maso, simuona patali. Chigawo chimene chimalipira thukuta lanu ndi chapakati, pomwe mtsinje wa Mwaleshi umatsika m'phiri ndi mathithi n'kulowa m'chigwa. Mwaleshi saphwa chaka chonse, ndipo m'chilimwe madzi ake amakhala oyera, osaya, oyenda pamchenga. Pamenepo m'maola ochepa mumachoka pa mivunguti ya m'mbali mwa mtsinje n'kufika pa matanthwe ndi mitengo ya kumapiri, ndipo mukatembenuka mumaona chigwa chonse chili pansi panu. Njati, njovu ndi nyumbu nazo zimatsata madzi omwewo. Amene wasankha njira potsata madzi wasankhiratu ndi zoti aone.

Madzi ali ndi masamu ake, ndipo masamuwo sanyengerera. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Munthu woyenda ndi katundu m'kutentha kwa chigwa chino amafuna malita anayi kapena kuposerapo patsiku, osawerengera ophikira nsima. Mukasankha chigawo chouma cha masiku awiri, ndiye kuti mwasenza makilogalamu asanu ndi atatu kapena kuposerapo a madzi okha musanaike ufa, kapenta, poto ndi bulangete, pamene katundu yense sayenera kupyola gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa thupi lanu. Choncho mtunda wa m'mapiri muziuyeza ndi maola ochokera pa madzi ena kufika pa ena, osati ndi makilomita. M'chaka cha 1892 wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, anapereka njira yowerengera yomwe ikugwirabe ntchito: ola limodzi pa makilomita asanu alionse, ndi ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Iyeyo ankanena za munthu wamphamvu m'dziko lozizira. Inu amene muli ndi gulu, katundu ndi dzuwa la Luangwa, onjezerani theka pamwamba pake, ndipo muonetsetse kuti pogona mwafika dzuwa lisanapendeke kwambiri. Madziwo muwiritse ngakhale akuoneka oyera. Msasa musamange pagombe penipeni kapena pa mkwaso wa mvuu, chifukwa usiku zimatuluka kukadya msipu, ndipo dziwe lakuya lililonse muziliyesa la ng'ona.

Wina anena kuti, "Koma mlendo wabwera kudzaima pansonga, ndiye kukongola kwake kumeneko." Sindikana kuti pansonga pamakoma. Koma taonani kwa anansi athu ku Malawi, komwe njira zotere zinakhazikika kale. Pa phiri la Mulanje nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo masiku a chiperoni nkhungu imatha kuikuta mwadzidzidzi, wokwerayo osaona ngakhale mnzake amene ali patsogolo. M'chaka cha 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anapitirira yekha kumeneko popanda womuperekeza, ndipo anapezeka patapita masabata atamwalira. Chikhalirecho ulendo wa pakati pa nyumba zogona za Chambe, Lichenya ndi Thuchila umadutsa m'madambo a pamwamba, m'mitsinje ndi m'mphepete mwa maphompho, ndipo nyumba iliyonse ili pafupi ndi madzi. Ku Nyika nako nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600, koma njira yotchuka kwambiri si yopita kumeneko. Ndi ija ya masiku atatu yochoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, komwe Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Imayamba m'udzu wa pamwamba momwe mumadya mbidzi ndi ntchefu, n'kulowa m'nkhalango, n'kutulukira m'midzi nyanja ya Malawi ikuoneka kutsogolo. Chimene anthu amaikondera n'chakuti dziko limasintha tsiku lililonse. Nsonga mumakhalapo mphindi makumi awiri, koma njira mumakhala nayo masiku onse a ulendo.

Funso lachiwiri, la potulukira, ambiri amalinyalanyaza chifukwa palibe amene amanyamuka akuganiza zobinya bondo. Musananyamuke, wokutsogolerani akuuzeni tsiku ndi tsiku kuti msewu, msasa kapena mudzi wapafupi uli maola angati. Chigawo chimene pakati pake pali kutali kwa tsiku loposa limodzi ndi pomwe galimoto ingafike si cha gulu loyamba kumene, kaya chikongole bwanji. Foni musaidalire, m'makwawa netiweki kulibe. Apa mpamene nyengo imalowerapo. Ena amati dzinja ndiye labwino poti dziko limabiriwira, ndipo za ku Nyika akunena zoona, maluwa a kumeneko amachita bwino nthawi ya mvula. Koma kuno mvula ikagwa dothi lamakande limagwira matayala, Luangwa amadzaza, pontuni imaima, ndipo kamtsinje komwe munawoloka m'mawa madzi ali m'akakolo madzulo kamakhala kosawolokeka. Potulukira ponse pamatsekeka nthawi imodzi. Okutobala nayenso ndi woopsa, kutentha kumapyola madigiri 40. Miyezi yoyenera ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti, bola mutenge chofunda chokwanira, chifukwa kumtunda usiku kumazizira kwambiri.

Pali mawu ena amene ndimawalemekeza: "Makolo athu ankakwera Muchinga wapansi kupita ku Mpika popanda chilolezo kapena mfuti ya boma, ndiye ife tilipirirenji sikauti?" N'zoona ankakwera. Koma ankayenda m'magulu, motsogozedwa ndi munthu wodziwa chitsime chilichonse ndi fungo la njovu, ndipo ankachita zomwe ndikunenazi, kuyenda kuchoka pa madzi kufika pa madzi. Nzeru imeneyo lero ili ndi asikauti, ambiri mwa iwo ana a m'midzi yathu yomwe ino. Ngakhale Norman Carr, amene anatchukitsa maulendo apansi oonera nyama m'chigwa cha Luangwa, ankayenda ndi sikauti wamfuti patsogolo. Komanso nkhalangoyi ili ndi lamulo. Zipembere zakuda zinatheratu m'Zambia chifukwa cha opha nyama mozemba, ndipo zinabwezedwa ku North Luangwa kuyambira mu 2003, zoyamba zisanu kuchokera ku South Africa, ndi thandizo la Frankfurt Zoological Society. Dera lawo limalonderedwa usana ndi usiku, moti wolowa ndi chikwama popanda chilolezo amatengedwa ngati wopha nyama. Ndalama ya sikauti ndi ya chilolezo muiwerengere limodzi ndi ya ufa, ndipo ngati siikwana, fupikitsani ulendowo kapena yendani tsidya lino la Luangwa, komabe ndi munthu wodziwa tchire.

Choncho musanagule ngakhale botolo, pitani kwa a Community Resources Board a kuno kwa Chifunda kapena kwa a Department of National Parks and Wildlife, mukafunse zigawo zomwe n'zololedwa chaka chino, komwe kuli madzi mwezi umene mukufuna kuyenda, ndi sikauti amene angakuperekezeni. Ndipo tsiku lonyamuka, musiye mawu kwa a mfumu ndi kunyumba onena njira yanu ndi tsiku lobwerera.