Manambala Amatiuza "Angati", Macheza Amatiuza "Chifukwa Chiyani"

Achinyamata anzanga, phunziro la lero ndi la kafukufuku. Musaope, si nkhani ya maprofesa okha ayi.

Pali njira ziwiri zofufuzira. Yoyamba ndi ya manambala: mumafunsa anthu ambiri mafunso ofanana n'kuwonkhetsa mayankho. Mwachitsanzo, kafukufuku wa boma wa MDHS wa 2015-16 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49, pafupifupi 9 adali ndi kachilombo ka HIV. Yachiwiri ndi ya macheza: mumakhala pansi ndi anthu ochepa kuti afotokoze okha za kumtima kwawo.

Ine ndidaphunzira movutikira kuti njira imodzi siyikwanira. Kalabu yathu kuno ku Nkhata Bay idapita kudoko ndi mapepala a mafunso. Tidafunsa asodzi achinyamata ngati angalole kuyezetsa magazi. Pafupifupi onse adachonga "inde". Tidakondwa, n'kuitanitsa aphungu m'mawa wina. Koma abale, adabwera ndi owerengeka chabe! Manyazi adandigwira.

Patapita masiku ndidabwererako wopanda pepala, n'kukhala nawo akusoka chilimira. Apa m'pamene zidatuluka. Usipa amagwira usiku ndi nyali, ndiye m'mawa amakhala ali mtulo. Ena amaopa kuonedwa pamzere ndi amayi ogula nsomba, poti nkhani imafika kumudzi mwini wake asanafike. Sadatinamize. Ife ndife tidaiwala kufunsa kuti liti komanso kuti.

Akatswiri nawo amaphatikiza njirazi. Mu 1998 ofufuza a ku University of Pennsylvania adayamba kufunsa anthu mafunso m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Mu 1999 Susan Watkins adapempha anthu ena a m'midzi kuti azilemba m'makope zimene amva anzawo akukamba za Edzi pamjigo, pabawo, m'minibasi ndi pamaliro. Makopewo adaonetsa kuti anthu amakamba kwambiri za Edzi, pomwe ambiri ankaganiza kuti kumudzi kuli zii.

Komatu macheza okha angatisocheretsenso. Mawu a munthu mmodzi wolongolola si maganizo a mudzi wonse. N'chifukwa chake zimene mwamva muyenera kuziyesa ndi manambala.

Kalabu yanu isanayambe ntchito iliyonse, chitani izi:

1. Pemphani chilolezo kwa amfumu ndi kwa munthu aliyense amene mukumufunsa.
2. Yambani ndi macheza, anyamata paokha, atsikana paokha.
3. Zimene mwamva zisandutseni mafunso afupiafupi, mufunse anthu ambiri.
4. Mayankho akasemphana ndi zochita, bwereraninso mukamvetsere.
5. Musalembe dzina la munthu. Chinsinsi chake chikaululika, sadzakukhulupiriraninso.

Funso lokambirana sabata ino: kodi kwanuko ndi angati adayezetsapo, nanga amene sadayezetse akuti chikuwaletsa n'chiyani?