Kufufuza Mbalame Zosowa ndi Kusamala Pouza Ena Kumene Zapezeka

Mbalame imatchedwa yosowa pamene mtundu wake watsala wochepa kapena umakhala m'dera laling'ono lokha, monga yellow-throated apalis, kambalame kapakhosi pachikasu komwe sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'nkhalango za m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Wofufuza ayenera kuyamba waphunzira kulira ndi chakudya cha mbalame imene akuifunayo asanachoke pakhomo, popeza m'nkhalango yowirira khutu limapeza zambiri kuposa diso. Thyolo alethe, mwachitsanzo, imakonda kutsatira linthumbu n'kumatola tizilombo timene tikuthawa chigulucho, motero wopeza mzere wa linthumbu kumunsi kwa phiri la Mulanje achita bwino kulowetsa thalauza m'masokosi, kukhala pansi chapatali ndi kudikira mwakachetechete.

Akalandira chilolezo kwa oyang'anira nkhalango, wofufuza alawirire m'mamawa, nthawi imene mbalame zimalira kwambiri, ndipo aime pamalo amodzi kwa mphindi 10 akulemba zonse zimene waona ndi kumva, kenaka asunthe mamita pafupifupi 250 kuti asawerenge mbalame imodzi kawiri. M'kope mulembedwe tsiku, nthawi, nyengo, mtundu wa mitengo ndi chiwerengero cha mbalame, ndipo tsiku limene mbalameyo sinaoneke lilembedwenso, chifukwa kusaoneka kwake kobwerezabwereza ndiko kumaonetsa kuti mtunduwo ukutha pamalopo. Kuliza mawu ojambulidwa pa foni pofuna kuitana mbalame, ngakhale kumafulumizitsa ntchito, kumachititsa yaimuna kusiya chisa n'kumasaka mdani amene kulibe, choncho m'nyengo yoswa nkoyenera kukupewa.

Pouza ena m'pamene ambiri amalakwitsa, kawirikawiri chifukwa cha chimwemwe chabe. Chithunzi chojambulidwa pa foni chimatha kusunga manambala a GPS, omwe amaloza malo enieni pamapu, ndipo manambalawo ayenera kufufutidwa chithunzicho chisanatumizidwe kwa aliyense. Kwa anthu ambiri kutchulidwe dera lokha, monga Liwonde National Park, osati mtengo wa tsanya umene Lilian's lovebird, kachinkhwe kobiriwira kankhope yofiirira, kamagona m'mphako mwake, pakuti mbalame zoterezi zimagwidwa n'kugulitsidwa kwa oweta m'zikwere, ndipo amene wadziwa mphakoyo savutikanso ndi ulimbo. Chisa chimene muli mazira kapena anapiye chisalengezedwe mpaka anawo atauluka.

Malo enieni aperekedwe kwa okhawo amene ali ndi udindo woteteza mbalameyo, monga oyang'anira paki kapena bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi. Kaundula wa pa intaneti wa eBird, amene Cornell Lab of Ornithology inayambitsa mu 2002, amabisa malo a mitundu ina imene ili pangozi, koma osati yonse, kotero wolemba aone kaye ngati mbalame yakeyo ili m'gululo. Ngati sanaione bwino, alembe maonekedwe amene anawaonadi, dzina alisiyire akatswiri ounika malipoti.