Chindapusa cha Pamsewu Cholingana ndi Thumba: Chitsanzo cha ku Finland

Kodi n'chilungamo kuti mphunzitsi ndi mwini kampani alipire chindapusa chofanana akagwidwa akuthamangitsa galimoto? Ambiri amayankha msanga kuti inde, poti mlandu ndi umodzi. Nkhani ino ikutsutsa ganizo limeneli potengera zomwe zimachitika ku Finland, komanso ikuwonetsa pomwe njira ya kumeneko imatsimphina.

Kuyambira mu 1921, dziko la Finland limagwiritsa ntchito chindapusa chowerengera masiku. Kuchuluka kwa masiku kumatengera kukula kwa mlandu, pomwe mtengo wa tsiku limodzi umatengera zomwe wolakwayo amapeza. Amatenga ndalama zake za pamwezi msonkho utachotsedwa, n'kupatulapo mayuro 255 oti adyere, zotsalazo n'kuzigawa ndi 60. Mtengo wotsikitsitsa ndi mayuro 6 pa tsiku. Wopyola liwiro pang'ono amalipira ndalama yokhazikika. Masikuwa amayamba kuwerengedwa akapyola ndi makilomita oposa 20 pa ola.

Zotsatira zake zimadzidzimutsa. Mu 2002 Anssi Vanjoki, mmodzi mwa akuluakulu a kampani ya Nokia, anagamulidwa kulipira mayuro 116,000 chifukwa choyendetsa njinga yamoto pa makilomita 75 pa ola mu Helsinki, pamalo poyenera 50. Mu 2023 Anders Wiklöf wa ku Åland anauzidwa kulipira mayuro pafupifupi 121,000. Ena amati uku n'kulanga munthu chifukwa cha chuma chake. Sindikugwirizana nawo. Cholinga cha chindapusa n'choti dalaivala amve kuwawa, mawa aponde buleki. Ndalama yomwe ingagonetse ndi njala banja la mlonda, kwa mpondamatiki ndi ya sopo chabe, ndipo lamulo lotere limasanduka chiphaso chogula. Komatu mwana wowoloka msewu akagundidwa, kuvulala kwake sikufunsa malipiro a woyendetsa.

Chovuta chagona pa kudziwa zomwe munthu amapeza. Apolisi a ku Finland amafunsa kaundula wa msonkho ali pamsewu pomwepo, koma naye kaundulayo amatsalira m'mbuyo. Chindapusa cha Vanjoki chinawerengedwa pa chaka chomwe iye anapeza zambiri. Atadandaula kukhoti kuti ndalama zake zinatsika, chinatsitsidwa kufika pa mayuro 5,900.

Ku England ndi Wales anayesa njira yofanana mu 1992, koma anaithetsa mu 1993. Kumeneko makhoti ankadalira zomwe wolakwa walemba yekha pa fomu, ndipo wosalemba ankatengedwa ngati wolemera. Munthu wina anagamulidwa mapaundi 1,200 chifukwa chotaya kapepala ka tchipisi, nyuzipepala n'kuliseka lamulolo mpaka kugwa.

Choncho, dziko lomwe anthu ambiri amapeza ndalama pa ulimi, geni ndi maganyu osalembedwa paliponse liyenera kusamala. Likangotengera lamuloli kaundula wa msonkho asanakhazikike, wolipira zambiri adzakhala wapantchito yolembedwa, yemwe malipiro ake ali poyera, pomwe mwini maminibasi khumi adzauza wapolisi kuti sali pantchito.