Giya ikamakukuta mano: mayankho a makalata anu

Woulutsa: Sabata ino makalata ambiri akudandaula za magiya olira polowa, ndiye tawaika pamodzi. Ndili ndi amakaniko athu a masiku onse.

Makaniko: Tiyeni nawoni makalatawo nthawi isanatithere.

Woulutsa: Yoyamba yachokera kwa bambo wina woyendetsa minibasi ya Toyota Hiace pakati pa Limbe ndi Thyolo. Akuti: "Ndikamachoka giya yoyamba kupita yachiwiri imalira kuti khwee, koma zinazo zimalowa bwinobwino. Ku galaja akuti ndi sinkiro. Kodi sinkiro n'chiyani, nanga bwanji yachiwiri yokha?"

Makaniko: A ku galajawo akunena zoona. Koma tiyambe tachotsa maganizo amene madalaivala ambiri ali nawo, akuti posintha giya timalumanitsa mano a magiya akuluakulu aja. Sizitero. M'giyabokosi ya masiku ano magiya opita kutsogolo amakhala olumana kale awiriawiri, ndipo onse amazungulira nthawi imodzi. Kungoti pa awiri alionse, imodzi imangozungulira momasuka pa shafiti, osaikoka. Mukakankha ndodo ya giya, chimene mukusuntha ndi chitsulo chozungulira chokhala ndi mano m'kati mwake, ife timati silivu. Silivu imayenda limodzi ndi shafiti. Ikatsetserekera m'mbali imakola timano ting'onoting'ono tili pambali pa giya, n'kuimangirira giyayo ku shafiti. Khwee mukumumvayo ndi timano timeneti tikukhulana ndi silivu chifukwa liwiro lawo lasiyana.

Ndipereke chitsanzo cha manambala. Tinene kuti pa giya yoyamba injini imazungulira katatu ndi theka kuti shafiti yopita ku matayala izungulire kamodzi, pomwe pa yachiwiri imazungulira kawiri. Mwakoka mpaka injini yafika 3,500 pa mphindi, ndiye kuti shafiti ili pa 1,000. Kuti yachiwiri ilowe mwakachetechete, mbali ya injini iyenera kutsika kufika pa 2,000. Kilatchi mwaponda, inde, koma mbale ya kilatchi ndi mashafiti a m'kati akadathamangabe ndi liwiro lakale lija. Pafunika chowabweza msanga, sekondi isanathe. Imeneyo ndiye ntchito ya sinkiro.

Woulutsa: Iyoyo imaoneka bwanji, kwa ife amene sitinatsegulepo giyabokosi?

Makaniko: Ndi mphete yachikasu ya bulasi, yoti mutha kuigwira m'dzanja limodzi. Kunja ili ndi timano tosongoka. M'kati mwake ndi mopendekeka, ndipo imakhala pa phewa la giya lomwenso ndi lopendekeka, monga momwe tambula imalowera mu inzake. Mukangoyamba kukankha ndodo, tizitsulo titatu tokhala pa masipuling'i timaikanikizira mpheteyo pa phewa lija. Zikakhudzana, giya imaikoka mphete kuti itembenuke pang'ono, pafupifupi theka la dzino, ndipo timano take timaima kutsogolo kwa mano a silivu n'kutseka njira. Apa ndiye pagona nzeru yonse. Liwiro likadali losiyana, kukhulana kuja kumaisunga mphete pakhomo, silivu siingadutse. Mukamakankha kwambiri, mphete imagwiranso kwambiri. Liwiro likangofanana, mphamvu yoisunga ija imatha, nsonga za mano a silivu zimaikankhira mphete pambali, giya n'kulowa. Kulimba pang'ono kumene dzanja limamva pakati pa nyutulo ndi giya ndi komweko. Si vuto ayi. Dalaivala wanzeru amadikira pamenepo kanthawi, wopupuluma amamenya ndodo.

Kupendekeka kuja akatswiri opanga amakuyeza mosamala, kawirikawiri madigiri 6 kapena 7. Akachepetsa kwambiri, mphete imakanirira pa phewa osafuna kuchoka, ngati matambula aja akalowana mpaka mumachita kuwapotokola. Akachulutsa, siigwira mokwanira ndipo dalaivala amafunika mphamvu zambiri. Chinanso, mukaiyang'ana m'kati mphete yatsopano muona timizere ting'onoting'ono tozungulira monsemo. Timeneti timadula oyilo ndi kumuthamangitsa kuti bulasi akhudze chitsulo. Timizereti tikatha, mphete imangoyandama pa oyilo, siibweza kanthu, ndipo imalowa mpaka kukagunda giya.

Tsono yachiwiri imayamba kutha chifukwa kusiyana kwa liwiro pakati pa yoyamba ndi yachiwiri n'kwakukulu kuposa pakati pa magiya apamwamba, komanso ndi imene imagwira ntchito kwambiri. Minibasi imaima pa siteji iliyonse, n'kunyamukanso itadzaza, ena akuthamangira kulanda anthu kutsogolo. Opanga galimoto amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake m'magiyabokosi ambiri atsopano giya yoyamba ndi yachiwiri amaziikira malo okhulana awiri kapena atatu m'malo mwa amodzi, mphete zolowana, ndipo zina amazimata molybdenum kapena kaboni m'kati kuti zichedwe kutha. Bambo a ku Thyolo, yanuyo musaichedwetse. Lero mukugula mphete yokha. Mukapitiriza kuiliza, timano ta pa giya ndi silivu zibunthanso, mtengo ukwera kangapo.

Woulutsa: Mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe akuti magiya onse ayamba kuvuta, makamaka rivesi, ndipo makaniko wawo akufuna kutsitsa giyabokosi.

Makaniko: Mayi, muwauze adikire kaye. Mphete zonse sizingathe tsiku limodzi. Magiya onse akamavuta pamodzi, ine ndimayamba kukayikira kilatchi, kuti siikulekanitsa bwino injini ndi giyabokosi. Yesani izi pakhomo pomwepo. Lizani injini, pondani kilatchi mpaka pansi, werengani mpaka faifi, kenako lowetsani rivesi. M'galimoto zambiri rivesi ilibe sinkiro, choncho siibisa kanthu. Ikalirabe mutadikira chonchi, ndiye kuti mbale ya kilatchi ikuzungulirabe. Zimitsaninso injini muyese magiya onse. Akamalowa mofewa injini ili chete, vuto lili ku kilatchi. Aone ngati mafuta a kilatchi sanatsike, ngati sakudontha, ngati m'mapaipi simunalowe mpweya, kapena ngati waya sanatamuke pa galimoto zoyendera waya. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, giyabokosi osatsegulidwa. Ndimadandaula ndikaona anthu akulipitsidwa ntchito yaikulu pomwe vuto linali mpweya m'paipi.

Woulutsa: Uyu ndi mphunzitsi wa ku Dedza. Akuti m'mawa wa mu June ndi July giya yachiwiri imakana, koma galimoto ikatentha imalowa. Akutinso posachedwa anathira mu giyabokosi oyilo yemweyo amene anathira mu difu.

Makaniko: Aphunzitsi, mwadziyankha nokha. Kukazizira oyilo amalimba, ndipo timizere tija timavutika kumuchotsa pa phewa. Kulimba pang'ono m'mawa si kwachilendo ayi, bola musakakamize. Koma za oyilo wa difu zija ndiye zandidetsa nkhawa. Pa chigubu pamalembedwa GL-4 kapena GL-5, ndipo ambiri amaganiza kuti 5 ndi wabwino kuposa 4 chifukwa nambala ndi yaikulu. GL-5 anapangidwira magiya a mu difu amene amakhulana mwamphamvu, ndipo ali ndi mankhwala ambiri a salufa ndi fosiforasi oteteza chitsulo. Sinkiro imafuna kugwira, pomwe mankhwalawa amaiteleretsa, ndipo ena mwa iwo sagwirizana ndi bulasi akatentha. Alipo magiyabokosi amene buku lake limalola GL-5, enanso amafuna oyilo wopyapyala kwambiri. Onani buku la galimoto yanu, muthire chimene lanena, kulemera kwake komwe, kaya ndi 75W-90 kaya wina. Pokhutula wakaleyo muunike ndi tochi. Mukaona tinthu tonyezimira ngati golide, ameneyo ndi bulasi wa mphete zanu.

Woulutsa: Tili ndi uthenga wochokera kwa dalaivala wa thiraki amene amayenda njira ya Johannesburg. Akufunsa chifukwa chimene Freightliner yake imafuna kuponda kilatchi kawiri, pomwe galimoto yaing'ono safuna zimenezo.

Makaniko: Mathiraki ambiri a ku America amabwera ndi magiyabokosi a Eaton Fuller amene magiya ake akuluakulu alibe sinkiro. Opanga anasankha dala, chifukwa zitsulo zake n'zolemera, ndipo popanda mphete palibe mphete yoti ithe. Ndiye ntchito yofananitsa liwiro imagwera dalaivala. Aponde kilatchi, atulutse giya, asiye kilatchi pa nyutulo, aonjezere moto ngati akutsika giya kapena adikire injini itsike ngati akukwera, apondenso, alowetse. Mathiraki a ku Ulaya, monga okhala ndi giyabokosi ya ZF, ambiri anaikidwa sinkiro.

Kale aliyense ankayendetsa chonchi. Amene anasintha zinthu ndi Earl Thompson, injiniya wa ku Oregon ku America, yemwe nzeru yake inayamba kugulitsidwa m'galimoto za Cadillac mu 1928. Ngakhale pamenepo giya yoyamba inalibe sinkiro, inali yachiwiri ndi yachitatu zokha. Madalaivala achikulire amene anayendetsapo Land Rover ya Series II m'misewu ya kumidzi akukumbuka kuti yoyamba ndi yachiwiri zinkafuna kuponda kawiri. Series III ya mu 1971 ndi imene inabwera ndi sinkiro pa magiya onse anayi. Ndipo luso limeneli silinathe ntchito. Bambo a minibasi aja atha kuligwiritsa ntchito pa giya yachiwiri podikira ndalama zokonzetsera, timano tija tisapitirire kuphwanyika.

Woulutsa: Lomaliza, mwachidule bambo, nthawi yatsala pang'ono. Mnyamata wophunzira umakaniko ku Mzuzu akufunsa momwe angadziwire mphete yotha.

Makaniko: Mphwanga, ika mphete pa phewa la giya yake, uikanikize ndi dzanja uku ukuipotoza. Yabwino imagwira, yotha imangozungulira. Kenako yeza mpata pakati pa mphete ndi timano ta giya pogwiritsa ntchito timipeni toyezera tija. Buku la giyabokosi limapereka malire ake, m'galimoto zambiri zing'onozing'ono amakhala ochepera pang'ono milimita imodzi. Pomasula, mphete iliyonse uimangirire ku giya yake, chifukwa zimaoneka zofanana koma zina n'zosiyana. Ndipo usaike mphete yatsopano pa silivu ya mano obuntha, mwini galimoto abweranso mwezi usanathe.

Woulutsa: Omvera, pitirizani kutilembera. Polemba mutiuze mtundu wa galimoto, chaka chake, giya imene ikuvuta, komanso ngati imavuta injini ili yozizira kapena itatentha. Sabata ya mawa tidzayankha mafunso a mabuleki.