Cisankho ca Aphungu: ku Chinyunyu ndi ku Cisumbu ca Mauritius

Pa 12 August 2021 anthu a ku Chinyunyu, kumene madzi otentha atumphuka pansi pafupi ndi mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, analawira kukaima pamzere. Yense analandira mapepala anai: la Mtsogoleri wa dziko, la phungu, la wapampando wa khonsolo, ndi la khansala. Dera lao la Rufunsa linatumiza phungu mmodzi mwa aphungu 156 osankhidwa caka cimeneco. Lamulo lace nlapafupi: amene aposa anzace, ngakhale ndi voti imodzi yokha, ndiye atenga mpando, ndipo otsalawo abwerera kwao cimanjamanja.

Tsono wophunzira ayang'ane kutali, kum'mawa kwa Madagascar, kumene kuli cisumbu ca nzimbe cochedwa Mauritius. Anthu ace apitirira pang'ono 1,200,000, ndipo makolo ao anacokera ku India, ku Africa, ku China ndi ku France. Kumeneko sasankha Mtsogoleri ndi pepala lace lace. Asankha aphungu okha, ndipo iye amene aphungu ambiri amtsata ndiye akhala Nduna Yaikuru. Cisumbuco cagawidwa m'madera 20, lililonse la aphungu atatu. Kacisumbu ka Rodrigues kaonjezapo awiri, nakwana 62.

Pali mwambo wina umene ku Zambia kulibe. Atatha kuwerenga, akhoza kuitana ena osapitirira asanu ndi atatu mwa iwo amene analephera pang'ono, kuti mtundu uli wonse wa pacisumbupo ukhale ndi pakamwa m'Nyumba ya Malamulo. Ena audandaula mwambowu, nati ukumbutsa anthu mitundu yao masiku onse, ndipo dandaulo lao siliri lacabe. Koma amene anaukonza anadziwa kuti munthu womanidwa mau m'bwalo amakawanenera kuseri.

M'caka ca 1982 kunacitika codabwitsa. Seewoosagur Ramgoolam, amene anatsogolera dzikolo polandira ufulu m'caka ca 1968, anali nkhalamba ya zaka 81. Otsutsana naye anatenga mipando yonse 60 ya pacisumbu cacikuru, ndipo iye mwini anataya wace. Sanaitane asilikari, sanatseke nyumba ya mphepo. Anatula udindo, ndipo Anerood Jugnauth analowa m'malo mwace. M'caka ca 1995 mwana wace Navin Ramgoolam anamgonjetsa Jugnauth momwemo, mipando 60 yonse, ndipo m'caka ca 2024 anagonjetsanso mwana wa Jugnauth, dzina lace Pravind, amene anabvomera kuwerenga kusanathe. Maufumu a mabanja awiri otere sali okoma kweni kweni, pakuti cisumbu ciri nao ana enanso anzeru. Komabe mpando unasinthidwa ndi mapepala nthawi zonsezo.

Akuru a ku Chinyunyu sadzayesa nkhaniyi yacilendo. Akumbukira caka ca 1991, pamene dziko linali litakhala zaka zambiri ndi cipani cimodzi, ndipo mitima inatentha cifukwa ca mtengo wa ufa. Atsogoleri a mipingo anasonkhanitsa Kenneth Kaunda ndi Frederick Chiluba m'chalichi cacikuru ca Mtanda Woyera ku Lusaka, kuti apangane za malamulo a cisankho. Pa 31 October anthu anaponya mavoti. Cipani ca MMD cinatenga mipando 125 mwa 150, ndipo UNIP inatsala ndi 25, yambiri mwa iyo ya Cigawo ca Kum'mawa. Kaunda, atalamulira zaka 27, analankhula pa wailesi nabvomera kuti wagonja. Rupiah Banda anacita cimodzimodzi m'caka ca 2011, misozi iri m'maso. Edgar Lungu m'caka ca 2021 anayamba wadandaula kuti cisankho sicinayende bwino, koma atapita masiku owerengeka iyenso anabvomera, napereka mpando kwa Hakainde Hichilema.