Kudyetsa Ball Python ku Nabvutika: Mafunso ndi Mayankho

Ku Chipata mbewa si chinthu chochita kufunafuna. Chimanga chikangochoka m'munda, anyamata amanyamula makasu kukakumba mauna, ndipo pofika madzulo mbewa zimakhala zili pampani m'mbali mwa msewu. M'nyumba za m'komboni ya Nabvutika namonso makoswe sasowa. N'chifukwa chake munthu akamva zoti kuli njoka yoweta imene imadya mbewa, amangoti chakudya chake n'chaulere.

Oweta njoka kuno ndi ochepa kwambiri, koma achinyamata amene amaziona pa Facebook ndi pa TikTok akufunsa za izo mowirikiza, ndipo mafunso ambiri amazungulira pa nkhani imodzi: mbewa za kumunda ndi makoswe a m'nyumba. Kabuku aka kakuyankha mafunsowo, kuti wofuna kuweta adziwiretu zimene zikumudikira asanataye ndalama, komanso kuti njokayo isazunzike m'manja mwake.

Kodi ball python ndi njoka yanji?

Ndi nsato yaing'ono yopanda ululu. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zogulitsidwa kunja zimachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. M'tchire la Zambia mulibe. Ikakula imatalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ikaopa imadzikulunga n'kubisa mutu pakati, ndipo yosamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30.

Kodi si nsato yomweyi ya kuno?

Ayi. Nsato ya kuno imapitirira mamita atatu ndipo imameza mbuzi yaing'ono. Kuigwira n'kuisunga popanda chilolezo kungamuike munthu m'manja mwa lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015. Ball python nayo ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kotero kuilowetsa m'dziko, kaya pa Mwami kaya pa ndege, kumafuna mapepala. Ndi bwino kufunsa kaye ku Department of National Parks and Wildlife ndi kwa a vetenale, chifukwa zofunika ndi malipiro zimatha kusintha.

Imadya chiyani, ndipo kangati?

Imadya nyama yathunthu: ubweya, mafupa, chiwindi, zonse. Chakudya chake chenicheni ndi mbewa ndi makoswe zoweta. Kukula kwa nyamayo kufanane ndi pamene njokayo panenepa kwambiri. Yaing'ono imadya kamodzi pa masiku 5 mpaka 7, ndipo nyamayo ilemere pafupifupi magalamu 10 mpaka 15 pa magalamu 100 aliwonse a njokayo. Yosinkhukirapo imadya pa masiku 7 mpaka 14, pamene yaikulu imakhuta ndi khoswe mmodzi pa milungu iwiri mpaka inayi. Ikadya isagwidwe kwa masiku awiri.

Nanga mbewa za kumunda, poti n'zambiri, sindingaipatse?

Funso limeneli lili ndi maziko ake. Kapuku amene anyamata amakumba m'minda ya chimanga ndi mtedza amapezeka pafupifupi mu Africa yense wa kumwera kwa Sahara, ndipo oweta njoka ku Ulaya ndi ku America amachita kumuweta chifukwa ball python zovuta kudya zimamukonda. Mtundu wa nyamayo ulibe vuto. Vuto ndi kumene mbewayo yadutsa.

Mbewa ya kumunda palibe amene akudziwa chimene yadya dzulo. Mwina yafukula mbewu yothiridwa mankhwala, mwina yalowa m'thumba la chimanga chosungidwa ndi mankhwala a anankafumbwe, mwinanso yanyambita nyambo imene mlimi anatchera. Kuwonjezera apo imanyamula nyongolotsi za m'mimba, nthata ndi nkhupakupa. Zina mwa nyongolotsizo zimakhala m'thupi la mbewa podikira kuti nyama yoidya iimeze, kenako zimakakulira m'mimba kapena m'mapapo mwa njoka. Mwini wake saona kanthu kwa miyezi, amangozindikira njokayo ikuwonda ngakhale ikudya.

Ngoziyo imafikanso kwa anthu. Nthata za makoswe ndi mbewa ndizo zimafalitsa mliri wa makoswe, umene unabuka ku Petauke mu 2001 ndi ku Nyimba mu 2015, m'chigawo chino cha kum'mawa. Kubweretsa mbewa zamoyo kapena zongofa kumene m'nyumba mogona ana mlungu ndi mlungu n'kuitanira nthatazo m'nyumbamo.

Nanga makoswe a m'nyumba?

Amenewa ndiye oopsa koposa. M'komboni mmene nyumba zathithikana, khoswe amayenda m'madenga a mabanja angapo usiku umodzi, amadutsa m'ngalande, m'zimbudzi ndi m'dzala. Pa mabanja onsewo sipangalephere kupezeka lina limene laika mankhwala.

Mankhwala ambiri a makoswe ogulitsidwa m'masitolo, monga okhala ndi brodifacoum kapena bromadiolone, sapha nthawi yomweyo. Amalepheretsa magazi kuundana, ndipo khoswe amatha masiku atatu mpaka mlungu akuchucha magazi m'kati. M'masiku amenewo amayenda mozandima, amatuluka masana, sathawanso anthu. Khoswe amene mwana wamugwira mosavuta pakhonde kawirikawiri ndi yemweyo amene wadya mankhwala. Poizoniyo amakhazikika m'chiwindi, ndipo njoka imameza khoswe ndi chiwindi chomwe. Mu 2020 ofufuza a ku Perth, ku Australia, anapeza mankhwala amtunduwu m'ziwindi za njoka zambiri za m'tchire zimene anaziyeza mumzindawo.

Palinso mankhwala a m'timapepala topanda dzina ogulitsidwa m'misika, ena ngati tameki, amene amapha msangamsanga. Si njoka iliyonse imene ingafe itadya khoswe mmodzi wotere, koma palibe njira yodziwira kuti ndi uti ali ndi poizoni wochuluka bwanji.

Kwathu sitiika mankhwala, timatchera msampha basi. Pamenepa?

Msampha umangosonyeza mmene khoswe wafera, susonyeza kumene wadya. Angakodwe pa msampha wa nyumba ino atadya nyambo ya nyumba yachitatu masiku awiri apitawo. Kunja amaoneka wonenepa, ubweya uli see, koma chiwindi chadzaza kale. Chimodzimodzi mbewa yophedwa ndi diwa kumunda: nyongolotsi zake ili nazobe.

Kodi kuziumitsa m'firiji kapena kuziwiritsa sikuchotsa vutolo?

Kuumitsa m'firiji kwa milungu ingapo kungaphe nthata ndi zina mwa nyongolotsi, ngakhale si zonse. Poizoni wa makoswe sachoka ndi kuzizira, sachokanso ndi moto. Tizilombo ta salmonella nato timangogona m'chisanu n'kudzuka nyamayo ikasungunuka. Kuwiritsa kumaonongeratu chakudyacho, chifukwa mimba ya njoka inazolowera nyama yaiwisi.

Nanga mbewa zapampani, poti ife timadya osadwala?

Mbewa yapampani ndi ndiwo ya munthu. Yachotsedwa matumbo, yawiritsidwa ndi mchere, yaumikidwa pamoto. Zimene zachotsedwazo n'zimene njoka imapezamo zofunika zambiri m'thupi, ndipo mchere wochuluka chotero umavutitsa impso zake. Ndiponso mbewa youma gwa ingaikande kukhosi poimeza. Nthawi zambiri njoka siiyang'ana n'komwe.

Koma njoka za m'tchire zimadya mbewa za m'tchire ndipo zili moyo?

Zili moyo, koma zambiri zimayenda ndi nyongolotsi ndi nkhupakupa, ndipo zimene zafa palibe amaziwerenga. Ya m'tchire imasuntha, imasiya ndowe zake kumbuyo. Ya m'bokosi imagona pamalo amodzi, kotero mazira a nyongolotsi amene yatulutsa imatha kuwamezanso, ndipo zimachulukana msanga. Komanso ball python yobadwira m'manja mwa anthu sinakumanepo ndi matenda a m'minda ya ku Chipata.

Ndiye chakudya choyenera chichokere kuti?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugula mbewa ndi makoswe zoweta zoumitsidwa m'firiji. Zimenezi sizipezeka wamba ku Chipata, ndipo wozifuna angafunike kuitanitsa ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road. Zikasungunuka m'basi n'kuyamba kununkha, zitayidwe.

Yachiwiri ndi kuweta yekha, kuyamba ndi makoswe oyera kapena mbewa zobadwira m'khola, osati zogwira kutchire. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere milungu itatu ndipo amaswa ana 8 mpaka 12, kotero wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri amaposa zimene njoka imodzi ingadye. Amafuna khola la waya wolimba loti makoswe a m'denga asalowe, utuchi wouma wosinthidwa kawirikawiri, madzi oyera, ndi chakudya chosakaniza monga chimanga, gaga, soya wokazinga ndi masamba. Chimanga chake chikhale chosathira mankhwala ndi chosavunda. Fungo limakhalapo, ndiye wokhala m'nyumba ya lendi ayambe wagwirizana ndi eni nyumba ndi anansi. Kaphedwe kosazunza nyama akaphunzire kwa a vetenale.

Iperekedwe yamoyo kapena yakufa?

Yakufa. Khoswe wamoyo akasiyidwa m'bokosi ndi njoka yopanda njala, amayamba kuiluma msana, ndipo ball python m'malo mobwezera imangodzikulunga. Zilonda zake zimafika pafupa.

Nyama youmitsidwa isungunulidwe usiku m'firiji kapena m'madzi ozizira ili m'pepala la pulasitiki, kenako iviikidwe m'madzi ofunda mpaka mimba yake itafewa ndi kufunda. Njokayi ili ndi timaenje pamlomo timene timamva kutentha, ndipo imasaka usiku. Mwini wake agwire khosweyo ndi chopanira chachitali madzulo, amugwedeze pang'ono kutsogolo kwa pobisalira pake. Lilime limayamba kutuluka mofulumira, khosi limapindika, kenako imaluma n'kumuzenga. Nyama imene yakanidwa isabwezedwenso m'firiji. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo, ndipo ziwiya zake zisasakanizidwe ndi za kukhitchini.

Anapiye, zinziri ndi mbira?

Kwawo ball python imadyanso mbalame. Kafukufuku wa ku Nigeria wa 1998 anapeza kuti zazimuna zimadya mbalame kwambiri kuposa zazikazi. Anapiye a tsiku limodzi, amene amapezeka m'masitolo a zaulimi mu Chipata, ndi zinziri zoweta angathandize mwa apo ndi apo, ngakhale anapiye amafewetsa ndowe ndipo paokha sakwanira. Mbira yaikulu ndi kalulu zakula kwambiri. Nthuli za ng'ombe, soseji, kapenta ndi mazira si chakudya chake.

Yakana kudya milungu ingapo. Kodi ndiyese mbewa yamoyo ya kumunda kuti idzuke?

Apa ndi pamene ambiri amagonjera, chifukwa chifundo chimawagwira. Koma ball python yaikulu yathanzi imatha miyezi ingapo osadya, makamaka kukazizira, ikamafundula, kapena ikangosamutsidwa. Usiku wa June ndi July ku Chipata umazizira kuposa mmene njokayi imafunira. Mbali imodzi ya bokosi ikhale pa madigiri 31 kapena 32, inayo pa 25 mpaka 27, ndipo mukhale pobisalira pawiri ndi madzi. Mwini wake aziiyeza pa sikelo mwezi ndi mwezi. Ngati kulemera sikukutsika kwenikweni, adikire masiku 10 mpaka 14 n'kuyesanso. Ngati ikuwonda, ikupuma mwaphokoso, kapena ndi yaing'ono imene yadumpha chakudya kangapo, apite nayo kwa a vetenale. Ikasanza chimene yadya, ipumule milungu iwiri, kenako ipatsidwe nyama yocheperapo.

Kodi zonsezi zimadya ndalama zingati?

N'kovuta kutchula mtengo umodzi, chifukwa umadalira kukula kwa njoka, thiransipoti ndi mphamvu ya kwacha. Wowerengera aphatikize chakudya cha makoswe oweta, zotenthetsera bokosi, firiji ndi a vetenale, zonsezo kwa zaka 20 kapena kuposa. Magetsi nawo asaiwalike. Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima kuposa theka la tsiku, ndipo m'nyengo yotere nyama ya m'firiji ingaonongeke pamene bokosi likuzizira. Pangafunikenso kuyenda mtunda kuti apeze dokotala wozolowera zokwawa.

Kamodzi kokha, pamene zoweta zatha, kodi khoswe wa m'nyumba angaiphe?

Mwina ayi, mwina inde, ndipo palibe amene angalonjeze. Chodziwika n'chakuti njoka yaikulu siivulala ndi kudikira milungu iwiri kapena itatu mpaka chakudya chabwino chitapezeka. Kwa yaing'ono, mwanapiye wa tsiku limodzi amaposa khoswe wa m'denga, bola kukula kwake kugwirizane ndi njokayo.

Nanga amene waipatsa kale atani?

Asiye lero lomwe. Aziyang'ana ngati njokayo yafooka, ikutuluka magazi m'kamwa kapena kumchira, ikusanza, kapena ndowe zake zili ndi magazi. Akaona chimodzi mwa zimenezi athamangire kwa a vetenale, atanyamula pepala la mankhwala a makoswe ngati akulidziwa, chifukwa thandizo limadalira mtundu wa poizoni. Ngakhale ikuoneka bwino, atengere ndowe zake zatsopano kukayezetsa nyongolotsi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: anene zoona za chimene anaidyetsa. Wa m'nyumbamo akayamba kutentha thupi ndi kutupa mwanabere atagwira makoswe, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi munthu wa ku Nabvutika angaiwete njokayi?

Angathe, ngati ali ndi mapepala a boma, njira yotenthetsera bokosi magetsi akazima, ndi gwero lodalirika la mbewa kapena makoswe oweta. Amene chimodzi mwa zitatuzi chikumusowa akupemphedwa kuti asagule. Wofuna kuona njoka pafupi angapite ku Kalimba Reptile Park akakhala ku Lusaka, ndipo woona nsato pafupi ndi nyumba adziwitse a Department of National Parks and Wildlife m'malo moigwira.